Nsalu Ziwiri pa Kanema Mmodzi

Chaka chimene manachesi anabereka mpaka nthambi kumathyoka, bambo a kunyumba kwathu anatsika matola pa Thambani ndi makatoni awiri. Anawamangirira panjinga, koma njingayo sanaikwere. Anaikankha mpaka kumudzi, chitunda chonse chija, poopa kuti katundu angagwedezeke. M'makatonimo munali kanema ndi deki yake, zogula kwa munthu wina amene ankasamuka ku boma. Rimoti inali itasowa kalekale, ndipo pakona imodzi ya galasi panali kadontho kobiriwira kosachoka, koma m'mudzi mwathu monse panalibe wina amene anali nazo. Ndisaname, ndinanyada. Tsiku lomwelo ndinasoka nsalu yoyera yotchingira fumbi, n'kuikapo maluwa ofiira m'makona onse anayi.

Magetsi tinalibe. Kanemayo ankayendera batire la galimoto, limene bambo ankapita nalo kuchigayo cha dizilo pa Thambani kuti akalitchaje. Likadzaza linkakwanitsa mafilimu awiri. Mukaumirira yachitatu, chithunzi chinkayamba kufota, anthu n'kumafupika, mpaka zii. Choncho tinagwirizana kuti kanema azionetsedwa Lamulungu lokha, tikaweruka kutchalitchi, dzuwa likadali m'mwamba.

Sitinaitane munthu, koma Lamulungu loyambalo pakhomo panga panali mulu wa masilipasi. Ana a mudzi wonse anadzaza pabalaza, aang'ono kutsogolo, otalikirapo kumbuyo, ena atakanirira pawindo. Filimu tinabwereka kwa bambo wina wa pamsika amene anali ndi nyumba yoonetsera mafilimu. Pachikuto pake panali chithunzi cha mwamuna ndi hatchi. Bambo a kunyumba anandionetsa kanambala kozunguliridwa pakona pa chikutocho, akuti kameneko ndi kamene kamanena zaka za munthu woyenera kuonera. Nambala yake inali yaing'ono, ya ana. Tinakhala pansi mitima ili m'malo.

Hatchi sitinaione. Patangopita kanthawi, mwamuna wina ndi mkazi analowa m'chipinda n'kutseka chitseko, ndipo mkaziyo anayamba kumasula mabatani. Ana aang'ono anangoti maso tong'o, okulirapo n'kuyamba kutsinana. Bambo anadumpha kufuna batani lozimitsira, koma m'malo mwake anakweza mawu. Ine ndinangotola chimene chinali pafupi, nsalu yanga ya maluwa ija, n'kuiponya pagalasi. Mawu okha ankamvekabe, ndipo si mawu oti n'kuwabwereza pano. Pofuna kuwakwirira ndinakuwa chinthu choyamba chimene chinandibwerera m'mutu.

"Seveni taimusi eyiti!"

Ana anayang'anizana. Kenaka wina kumbuyo anayankha mwamantha, "Fifite sikisi."

"Sikisi taimusi naini!"

Tinachulukitsa manambala mpaka mawu a kuseri kwa nsalu atabwerera kukhala a anthu ovala.

Tinadzamva pambuyo pake kuti bambo wa pamsika uja ankangolowetsa chimbale m'chikuto chilichonse chimene chili pafupi. Zimbale zina zinkabwera m'kapepala ka pulasitiki chabe, popanda chithunzi ngakhale nambala. Kanambala kaja ndinasiya kukakhulupirira tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale kakanakhala kolondola, amene anakalemba ana athu sanawaone. Pabalaza panga pankakhala ana oti ukafunsa amawo zaka zawo ankangoti uyu anabadwa titakolola, waguluka mano chaka chatha. Masiku amenewo matipate anali atakhazikika, zinthu zitamasuka. Zimene kale zinkaletsedwa zisanafike n'komwe kumudzi, tsopano zinkangolowa m'matumba a ochita malonda pamodzi ndi sopo ndi mabatire a wailesi. Wotsala kuti aletse anali kholo basi.

Ndinaika lamulo loti filimu iliyonse ndiziyamba ndaionera ine ndekha. Ndiwo zopatsa ana a eni umayamba walawa.

Bambo anadandaula. "Inu amayi, ndiye kuti theka la batire lizithera inu nokha? Wokankha njinga ndi inetu."

"Mukankha basi," ndinatero. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anawa akakanena kwawo zimene aona dzulo, lotukwanidwa kumjigo ndi dzina langa, osati lanu."

Anakankha. Anali munthu wodandaula uku akuchita. Kuyambira pamenepo mafilimu awiri a pa sabata anasanduka imodzi yoonera kawiri.

Loweruka lililonse ndikatha kuchapa, ndinkatseka chitseko dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala pamkeka ndi lichero la mtedza wosenda, ndekhandekha ndi kanema. Tangoganizani, mayi wa kutchalitchi, woimba m'kwaya, atadzitsekera m'nyumba kudikirira zolaula kuti aone bwinobwino zayambira pati ndipo zathera pati. Amayi anzanga podutsa ankagogoda pawindo. "Mwaonako zabwino lero? Mutigawireko!" Ndinkawayankha kuti ndili pantchito.

Chingerezi cha m'mafilimu sindinkachimva kwenikweni, koma zizindikiro ndinaziphunzira. Nyimbo ikayamba kufewa, dzanja likhale pansalu. Mkazi akavula ndolo, musadikirenso. Mwamuna akayang'ana mkazi nthawi yaitali osalankhula, kenaka n'kuika tambula pansi, ndiye kuti zafika. Ndinkasunga m'mutu kuti wa malaya ofiira akalowa m'nyumba ndiphimbe, ndikamva galimoto ikulira nditsegule. Kuthamangitsa filimu sikunkathandiza, chifukwa zithunzi zinkaonekabe zikungofulumira, ana n'kumaseka kuposa kale. Kuzimitsa nakonso ayi, deki yathu inkaiwala pamene yalekezera n'kuyambiranso poyamba. Nsalu yokha ndi imene inkagwira ntchito, ngakhale nayo inandinyenga masabata oyambirira. Inali yopyapyala, ndipo galasi likawala kwambiri zithunzithunzi zinkaonekera. Ndinadabwa kuti ana a kutsogolo akuyankha masamu maso ali pansalu osaphethira. Nditazindikira ndinaisokera thumba la ufa kunsi kwake.

Lamulungu malo anga anali pakampando pambali pa kanema, nsalu ili pamiyendo, diso limodzi pagalasi lina pa ana. Nthawi ikakwana ndinkaponya nsalu, n'kutsitsa mawu mpaka azingomveka kwa ine wokhala pafupi, kenaka masamu. Nthawi zina ndinkaphonya, kuphimba munthu woti amangofuna kuvula nsapato. Pamenepo chipinda chonse chinkabuula, "Aaa, amayi!" Mtsikana wina wamkulupo anandiuza tsiku lina kuti iye ndi wolangizidwa kale, palibe chachilendo kwa iye. Ndinamuuza kuti ndamva, koma akhale pansi achulukitse, chifukwa galasi ndi limodzi ndipo patsogolo pake pakhala wina wosadziwa kupukuta mamina. Mphunzitsi wina wa kusukulu yathu anandiuzapo akuseka kuti ana a kumudzi kwathu amalephera zina zonse kupatula masamu ochulukitsa.

Mbiri yanga inabuka. Kunyumba ya mafilimu ya pamsika ankalowetsa aliyense wofika pakhomo, ngakhale wonunkha mkaka, ndipo amayi ambiri ankaletsa ana awo kupondako. Koma kwa ine ankachita kuwatumiza okha, atawasambitsa n'kuwadzoza mafuta. "Kwa amayi aja mwana saona zolakwika," ankatero kumjigo. Mawu amenewo ankanditsekemera, ndipo ndinkachedwa dala kusenza ndowa kuti ndiwamvenso. Ndinkadziona kuti ndikudziwa zonse zimene mwana ayenera kubisiridwa.

Nyumba yoyandikana ndi yathu, kungodutsa mizere ingapo ya nandolo, munkakhala mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo anabwera kuno ali kamtsikana nthawi ya nkhondo. Anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha, iwo anatsala, anakwatiwa konkuno. Ankanditchula kuti mana, monga amaitanirana akazi kwawoko, ine n'kuyamba kuwabwezera, mpaka ana anga ankangoti a mana. Tinkabwerekana sefa, mchere ndi moto. Ndikadwala ankandiphikira ana, iwo akapita kumaliro akutali ndinkawatsekera mbuzi. Za nkhondo sankanena, ine sindinkafunsa. Ndinkazidziwa monga umadziwira kuti mnzako ndi wamanzere, osaziganizira kawiri.

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, wamsinkhu umodzi ndi chitsirizira changa, nayenso mtsikana, onse a Sitandade 3. Lamulungu awiriwo ankakhala kutsogolo kwenikweni atafunda nsalu imodzi. A mana okha sankabwera kudzaonera. Ankati kanema amawapweteka maso.

Patapita zaka ziwiri chigulire kanema, m'nyengo yozizira, bambo anabwera ndi filimu ya asilikali. Loweruka ndinaionera yonse dzanja lili pansalu, koma panalibe pophimba. Mkazi wovula ndolo panalibe, nyimbo yofewa ayi. Anthu ankangothamanga m'tchire, kuwombera, zinthu n'kumaphulika, monga mmene ana amakondera. Ndinasangalala kuti mawa ndipumako, ndionera ngati munthu. Nsalu ija ndinaichapa n'kuiyanika pachingwe.

Lamulungu lake a mana anabwera kudzabweza sefa filimu ili pakati. Ndinawakoka dzanja. "Khalaniko pang'ono mana, ya lero ndi yabwino, ilibe zoipa." Anavula masilipasi awo obiriwira pakhomo n'kukhala pafupi ndi chitseko, sefa ili pamiyendo.

Pagalasi asilikali ankalowa m'mudzi wina wa nyumba za udzu, kukungocha kumene. Agalu anauwa, kenaka n'kusiya. Msilikali wina anaika moto padenga, mnzake padenga lina. Amayi anatuluka ana ali kumbuyo, mitolo ili pamutu, akuthamangira kumtsinje, mfuti zikulira pambuyo pawo. Ana a pabalaza panga anali atazolowera kuti kukaphulika amaomba m'manja, ndipo anaomba. Denga lalikulu litagwa, mwana wa a mana anaimirira n'kuvina, akukuwa, "Yapsa! Yapsa!"

Sefa inagwa pansi. A mana anadutsa pakati pa anawo osayang'ana poponda, anagwira mwana wawo pamkono n'kutuluka naye. Ndinawaonera pawindo akudutsa m'nandolo opanda nsapato, mwana akulira kuti filimu sinathe. Masilipasi anatsala pakhomo panga.

Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanawatsatira nthawi yomweyo. Koma ine ndinakwiya. Ine woti ndimataya Loweruka langa lonse ndi theka la batire, wina n'kudzakoka mwana wake m'nyumba mwanga pamaso pa ana a mudzi wonse, ngati ndikumuphunzitsa ufiti? Zoti ndawaonetsa mudzi ukupsa zinandidutsa m'mutu pang'ono, koma ndinazikankhira kumbali. Ndinati filimu ndi filimu, ndipo nkhondo yawo inatha kalekale. Masilipasi ndinawaika pansi pa bedi kudikira kuti mwini wake adzawatenge yekha.

Sanabwere. Lamulungu lotsatira mwana wawo sanaoneke, linzake chimodzimodzi. Kumjigo tinkapatsana moni wonse, mwadzuka bwanji, kaya ana, koma unali moni wa anthu okumana m'matola. Mchere ukandithera ndinkapita kukapempha kutali, kudutsa pafupi ndi khomo lawo ngati ndikuyang'ana nkhuku. Mwana wanga ankakhala yekha kutsogolo kwa kanema, nsalu yofunda ikumuchulukira. Tsiku lina anatuluka filimu isanathe n'kukakhala m'nandolo, pamene akanatha kulankhulana ndi mnzake aliyense ali mbali ya kwawo. Zinandipweteka. Ndinawasowa a mana kuposa mmene ndinkafunira kuvomereza, ndipo ndinayamba kuopa kuti ubale wa zaka zonsezo uthera pa bokosi loyendera batire.

Bambo anawapeza masilipasi aja akufunafuna pampu ya njinga.

"Awa si a mana awa?"

"Ndi awo."

"Ndiye akuyenda bwanji?"

"Akawafuna akudziwa kumene ali."

"Kodi munawafunsa chimene anatulukira?"

"Ndifunse chiyani? Filimu ija ndinaionera yonse, inalibe kanthu."

"Inalibe kanthu kwa inu," anatero bambo akupopa tayala. "Safunsa anadya phula, amayi."

Ndinawauza kuti asamale za njinga yawo. Koma m'mawa mwake ndinatsuka masilipasiwo ndi sopo, n'kuwakulunga m'kansalu, n'kudutsa m'nandolo.

Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo wauwisi, mwana ali kusukulu. Ndinaodira ngati mlendo, ine woti ndinkangolowa mpaka kukhitchini. Anandiyalira mkeka. Ndinaika masilipasi pafupi ndi mapazi awo, iwo n'kukankhira lichero pakati pathu. Tinasenda nandolo kwa nthawi ndithu tikukamba za kuzizira ndi za mbuzi za eni zimene zinkatidyera kholowa. Kenaka ndinalimba mtima.

"Mana, ndinakulakwirani chiyani? Inetu ndimayesetsa. Mwana wanu kwanga sanaonepo zolaula ngakhale tsiku limodzi."

"Ndikudziwa," anatero. "Mudzi wonse ukudziwa."

"Nanga?"

Anapitiriza kusenda, maso ali m'lichero. "Anthu akamakondana mumaphimba. Akamawotcha nyumba mumasiya poyera. Ine sukulu sindinapite nayo patali, mwina pali chimene sindikumvetsa."

Ndinafuna kunena kuti zija n'zongosewera, moto wake ndi wabodza, koma ndinangotola nandolo wina n'kumasenda.

"Tsiku limene anabwera kwathu," anatero, "ndinali wamsinkhu wa mwana wangayu. Kunali m'mawa ngati mmene zinalili mujamu. Agalu anauwa n'kusiya, ndendende. Amene anapanga filimu ija anafunsa kwa munthu wodziwa. Ine ndinabereka mng'ono wanga, amayi anatenga mphika ndi bulangete. Tinanyamuka asanu, tinafika kuno atatu." Anataya makoko pansi. "Koma si zimenezo zinanditulutsa, mana. Zimenezo ndimadya nazo, ndimalima nazo, ndinazizolowera. Ndi mwana wanga. Anavina. Denga likugwa, mwana wotuluka m'mimba mwanga anavina."

"Sakudziwa," ndinatero chapansipansi.

"Sakudziwa chifukwa sindinamuuze. Ndidzamuuza ndekha akadzakula, pakhonde pano, ndi pakamwa panga. Koma ngati pofika tsikulo adzakhale atazolowera kuombera moto m'manja, ndidzayamba bwanji?"

Ndinalira ine, mwini nkhani asakulira. Manyazi anandigwira. Zaka ziwiri ndinakhala pakampando paja ndikudziyesa mlonda wa ana a mudzi wonse, pamene ndinkalondera khomo limodzi lokha, limene ine ndinaphunzitsidwa kuliopa. Ndinapepesa. Ndinawauza kuti kuyambira tsiku limenelo filimu ya mfuti sidzalowanso m'nyumba mwanga.

Anaseka pang'ono. "Ndiye mutsala ndi ati? Ngakhale a chikondi aja mumatulukamo mfuti, ndimamva ndili konkuno. Ndipo ana okulirapo aja mukawamana zonse athawira kumsika, kumene kulibe nsalu."

"Nanga titani? Ine maso angawa zimenezo sazigwira. Ndimangoona zikuphulika basi, sindisiyanitsa zamasewera ndi zopweteka."

"Ine ndimasiyanitsa," anatero. "Loweruka mumayamba nthawi yanji?"

Ndinakana. Ndinati sindingawakhazike pansi kuti azionera zinthu zimene zinawathamangitsa opanda nsapato. Anayankha kuti tsiku lija zinawadzidzimutsa chifukwa anabwera kudzabweza sefa, koma munthu wobwera akudziwa chimene wadzera ndi wina. Anavala masilipasi aja n'kundiperekeza mpaka m'nandolo.

Loweruka anabwera ndi chitenje chawo chakale cha buluu, chokhuthala, chosaonekera. Tinatseka chitseko awiri, lichero la mtedza lili pakati. Ndinaphunzira zambiri tsiku limenelo ndi masabata otsatira. Karate ya anthu owuluka m'mitengo ankaisiya, akuti ameneyo ndi gule. Galimoto ikaphulika mulibe munthu ankangoti zitsulo izo. Koma munthu akagwada pansi manja ali m'mwamba, kapena amuna a mfuti akafika pakhomo pamene pali ana, ankati, "Apa." Ndipo ankadziwa zisanafike, monga ine ndi ndolo zanga. "Mwamva? Mbalame zasiya kulira. Apa." Nawonso ankandiseka ndikalumphira nsalu chifukwa cha kakisi ka patsaya. "Iii mana, anawa mumawauza kuti anachokera kuti? Kameneko kasiyeni." Zina ndinasiyadi, zina ndinakaniratu, ndipo tinkanenerera ngati tikugula usipa. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma mitu iwiri nayo imachedwa. Bambo atamva anangopukusa mutu n'kunena kuti tsopano batire lawo lili ndi mabwana awiri.

Ntchito imeneyo tinaigwira limodzi zaka zingapo, ndipo ndi zaka zimene ndimazikumbukira ndi mtima wokondwa. Inatha yokha mafoni atachuluka, ana atayamba kuonera zinthu m'manja mwawo, pamene nsalu singafike. Zimenezo ndi za makolo a lero, kuphatikizapo atsikana awiri aja, ndipo ndikawaona akulanda ana awo foni ndimangoseka. Mwana wa a mana anadzauzidwa nkhani ya kwawo ali ndi mwana wake kumbuyo, pakhonde paja, monga amake ananenera. Ine sindinalipo, ndipo sindinayenere kukhalapo. Koma ndikamaganiza za kanema uja, chimene chimayamba kubwera m'mutu ndi Lamulungu loyamba limene a mana anakhala pakampando kawo.

Tinaika timipando tiwiri, kanga kumanja kwa kanema, kawo kumanzere. Atsikana awiri anali kutsogolo atafundanso nsalu imodzi, manachesi ali pamiyendo. Ana anadabwa kuona alonda awiri, ndipo wina anang'ung'udza kuti lero ndiye sitionera kanthu. Gawo langa linafika poyamba. Ndinaphimba, tinachulukitsa, ndinatsegula. Kenaka galimoto ya amuna a mfuti inaima pakhomo pa nyumba ina. A mana anaimirira, anaponya chitenje chawo pagalasi n'kutsitsa mawu monga ndinawaonetsera.

Ana onse anawayang'ana akudikira funso, pakuti nsalu ikagwa pamabwera masamu. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti a mana sukulu anaisiyira m'mawa uja, masamu ochulukitsa asanawafike. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwathandize, koma ananditsogola. Zaka ziwiri zonse zija ankamvera m'nandolo.

"Seveni taimusi eyiti!" anakuwa, ndi mawu aakulu oti ndinali ndisanawamvepo.

"Fifite sikisi!" chipinda chonse chinayankha.

Anandiyang'ana. "Akhoza?" anafunsa chonong'ona.

"Akhoza, mana."

"Ndiye apatseni ena. Kunoku sanathe."

Ndinapitiriza ine masamu, naini taimusi folo, sikisi taimusi sikisi, iwo atawerama, khutu lili pafupi ndi kanema, dzanja limodzi litagwira chitenje kuti chisagwe. Mfuti zonse za kuseri kwa nsaluyo anazimva okha, mpaka yomaliza. Atatsimikiza kuti zatha anachotsa chitenje n'kuchipinda bwinobwino pamiyendo. Mwana wawo ankasenda nachesi, ndipo osatembenuka n'komwe anati, "Amayi, inuyo mumachedwa kutsegula kuposa amayi awa."